Dzimbiri la pawindo

Dolofina anandisiyira zitini khumi ndi zinayi,
za penti, za mkaka wa ufa,
ndi chigubu cha mafuta chodula pakati,
chilichonse ndi duwa lake ndi ludzu lake.
Mayina ake anapita nawo.
Ine kalaliki wopuma wa pa esiteti,
zaka makumi atatu ndikulemba makilo a tiyi wa eni,
tsamba la m'nyumba mwanga ndinkangoliti tsamba.

Mu Juni, nkhungu itameza msewu wa ku Makwasa,
Salipira, mphaka wosadziwa lendi,
anaswera m'katoni ya nsapato zanga za ku tchalitchi.
Tiana titatu: Malasha, Kamtedza,
ndi kotsiriza, kotuwa ngati m'mawa umenewo,
kamene ndinakatcha Chiperoni.

Maso atangotseguka, mtendere unasamuka.
Tsamba lolendewera linasanduka mbewa,
dothi lofewa linasanduka chimbudzi.
Pakati pa usiku, khu!
Ndikayatsa tochi, chitini chagona chammbali,
mizu ili pamtunda,
maso asanu ndi limodzi akundifunsa kuti ndani wachita.

Ndinaphunzira ukalamba uno.
Ndinatola miyala kumtsinje wa Nsuwadzi
n'kuyala pamwamba pa dothi kuti zikhadabo zigome.
Makoko a nachesi ndinawamwaza m'mphepete,
fungo lake Kamtedza amaliyetsemulira n'kubwerera.
Zoyanga ndinazipachika kudenga
ndi mphira za chubu cha njinga,
nyumba n'kuoneka ngati okala ya pamsika wa Bvumbwe.
M'beseni lobooka ndinafesamo mapira:
uwu ndi munda wanu, tafunani,
wa mayi anu usiyeni.

Kakombo yekha ndinamusiya pawindo la kuchipinda.
Ndi amene ndinkamudziwa dzina,
poti ankamuthirira ndi kapu yake yomwera tiyi.

Anachita maluwa Loweruka lina, oyera, atatu.
Chiperoni anatulukira pakhonde
mphuno ili chikasu ndi mungu
ngati mwana woba ufa wa kasitadi.
Ine ndinaseka.
Evelesi wa aneba, wophunzira za ziweto, sanaseke.
Anakatsomphola, anakapanikiza m'chitenje kuti kasanyambite,
madzi ofunda, kansalu, kupukuta, kupukutanso.
A Muhiwa, duwa ili limapha impso za mphaka.
Tsamba, mungu,
ngakhale madzi otsalira m'mbale ya pansi pake.

Kabaza anatitsitsa pa Boma mvula ikuwaza.
Masiku awiri ndinakhala wowerenga madontho,
ine amene ndinkawerenga makilo:
kamwa kangati, kakodza kangati,
kasanza kapena ayi.
Usiku ndinkaika chala pa nthiti zake
monga ndinkachitira ndi dzanja lina m'chipatala muja.
Lachiwiri m'mawa kanaluma chala changa.
Sindinakondwepo ndi kulumidwa chotero.

Ndiye Dolofina, usandikwiyire.
Ndamunyamula kakombo wako pamutu ngati mtsuko,
kudutsa m'mizere ya tiyi
othyola akundiyang'ana, madengu kumsana,
wina n'kufuula kuti, ukwati uli kuti, madala?
Ndamubzala kumutu kwako,
ndamutchingira ndi waya wa khola lathu lakale
poti nakonso kumanda amphaka amayendako.
Ndizibwera Lamlungu lililonse ndi kapu ija.

Zatsala khumi ndi zitatu.
Evelesi wazilemba mayina pa timapepala,
ziwiri akuti zikwere pamwamba pa kabati,
china wachitenga kuti akafunse aphunzitsi ake.
Madzulo ndimavala magalasi n'kumaloweza
ngati mwana wa sitandade wani.

Pawindo pamene panali chitini
patsala mkombero wa dzimbiri.
Ndayesa phulusa, ndayesa mchenga, sukuchoka.
Dzuwa likapendekera ku Thekerani
Chiperoni amakwera, amazungulira kawiri,
n'kudzipinda momwemo,
mchira wokha kutsalira kunja.