Chitseko cha Bafa

Ndazula chitseko cha bafa yakunja,
ndachigoneka pa tayala lakutha la minibasi
pansi pa mpapaya.
Amake Zelipa asuzumira pampanda:
"Mayi Sakala, kunyanja kuja
anakudyetsani chiyani?"

Mchere, anzanga. Mchere wokhawokha.
Unalowa m'mphuno, m'makutu,
mpaka lero ndikayetsemula ndimaumva.

Zaka makumi asanu ndi zitatu
ndakhala m'mbale iyi ya mapiri.
Madzi amene ndinkawadziwa ndi a pampopi wa ku Kapata,
obwera usiku ngati mwamuna wangongole,
ndi a Lunkhwakwa, onunkha sopo wa eni.
Ndiye Yotamu wanga, wowerenga makontena ku Nacala,
anatumiza ya basi:
amama, bwerani mudzapumeko.

Kupuma!
Tsiku lachitatu kamnyamata kena, Amade,
koonda ngati sipoko,
kanandisenzetsa thabwa lotalika kuposa ine
n'kundimanga chingwe kumwendo
ngati mbuzi yopita kumsika.
Iko Chinyanja ayi, ine Chipwitikizi ng'o.
Tinkalankhula ndi zigongono:
gona, palasa, dikira, dzuka.

Ine, amene ndaimika ana a eni pamzere
zaka makumi atatu ndi choko kumanja,
kulephera kudziimika ndekha.
Funde loyamba linanditembenuza ngati chitumbuwa m'mafuta.
Lachiwiri linandivula duku
n'kupita nalo kwa Amwenye.
Lachitatu sindinalione n'komwe,
ndinangomva mchenga m'mano
ndi kuseka kwa Yotamu kumtunda,
foni ili m'mwamba.

Ndinkayang'ana mapazi, ndiye vuto.
Amade anandigwira chibwano ndi chala chimodzi
n'kuchikweza,
monga ndinkachitira ine ndi mwana wamanyazi pabolodi.
Anandilozera mtengo wa koko patali:
uko.

Tsiku lachisanu, mawondo atasupuka,
chinachake chinandinyamula kumbuyo
mosapempha.
Manja pansi. Phazi lamanzere patsogolo.
Ndinaima.
Osati mokongola,
matako kumbuyo ngati wotola mtedza,
koma ndinaima,
madzi akuthamanga pansi panga
ngati nsalu imene telala akuikoka pamakina.
Ndinawerenga: imodzi, ziwiri, zitatu,
zinayi sindinamalize.

Zitatu ndi theka.
Ukwati wanga unatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
koma sindiukumbuka bwino chotere.

Tsopano ndabwerera.
Kuno funde ndi la fumbi
galimoto ikadutsa wa ku Mfuwe.
Vidiyo ya Yotamu yazungulira kwaya yonse;
amaonera pogwa pokha,
poima akuti foni inagwedezeka.

Ndiye m'mawa uliwonse, ndisanasese,
ndimagona pachitseko, chibwano pa bowo la loko,
ndimapalasa mpweya,
nkhuku zikundiyang'ana ndi diso limodzi.
Dikira. Dzuka.
Tayala limanjenjemera, chitseko chimapendama,
maso ndimaponya pa nsanja ya foni paphiri la Kanjala.
Mdzukulu wanga Tikambenji amawerenga mokweza
ndipo amabera, amathamangitsa manambala
kuti agogo afike pa teni.
Wosamba kubafa amaimba nyimbo
kuti tidziwe kuti muli munthu.

Dzulo ndinakwera njinga ya hayala pochokera kuchipatala.
Pamtsetse paja mnyamata anasiya kupalasa,
mphepo inadzaza bulauzi,
ndipo ine, mayi wa chigwirizano,
ndinasiya chishalo,
ndinatambasula manja onse awiri.
"Amama, gwirani!
Mundiphera bizinesi!"

Sindinagwire.
Tinadutsa ogulitsa malasha, tinadutsa chigayo,
ine ndikuwerenga chamumtima,
ndipo pa sikisi
tayala lakutsogolo linapeza dzenje lake.

Chigongono chatupa.
Amake Zelipa abwera ndi mafuta opaka
ndi uphungu wambiri.
Potuluka aima pafupi ndi chitseko chija,
achigwedeza ndi chala cha kuphazi,
ayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu,
kenaka avula patapata.
"Mwati phazi liti patsogolo?"