Mgolo wa ku Mchini

Mgolo uwu unali wa kachasu.
Funsani aliyense ku Mchini, akuuzani:
zaka khumi ndi ziwiri Zelipa Miti ankatcheza,
amuna n'kumachoka pano ndi miyendo yobwereka.
Mmodzi mwa iwo anali wanga.
Tinamuika mu Julaye, maso ali chikasu,
ndipo mgolo ndinauvundikira kuseri kwa bafa
kuti achule achitemo lendi.

Chowawa ndinachipeza kwa mlamu wanga ku Chiparamba,
kachitsamba kotuwa, konyozeka,
masamba ong'ambikang'ambika ngati nthenga za nkhuku yonyowa.
Ndinatafuna tsamba limodzi.
Nkhope inakwinyika mpaka m'makutu,
malovu anakana kutsika,
mlamu n'kugwa nalo phwete.
Atapuma anati: ife timachiponya m'thumba la nyemba
anankafumbwe aone msana wa njira.
Chimfine chikatseka mphuno timachiwiritsa,
n'kufunda bulangete pamwamba pa nthunzi.
Kale ana a njoka za m'mimba
ankamwa madzi ake atatsinidwa mphuno,
akulira ngati mbuzi yopita kumsika.

Ndinabwera ndi timitengo tisanu m'chitenje.
Mvula ziwiri zitadutsa, mgolo unabwerera pamafuwa.
Mpope womwewo, beseni lomwelo la madzi ozizira,
dothi lomata pakamwa kuti mpweya usathawe.
Aneba anati Zelipa wayambiranso.
Ena anafika ndi makobiri m'manja,
ananunkhiza, n'kubwerera akulavula.

Kuyambira tambala woyamba
mpaka ana ataweruka kusukulu,
matumba awiri a masamba,
makala a makwacha makumi asanu,
ndipo chotuluka n'chiyani?
Kamafuta koyandama pamwamba pa madzi,
kobiriwira ngati msana wa ntchentche ya pabutchala,
kosadzaza ngakhale kabotolo ka mankhwala a m'maso.
Ndimakatapa ndi jakisoni wopanda singano,
mpweya nditaugwira.

Loweruka ndimakhala pamsika wa Kapata
pakati pa wa finkubala ndi wosoka nsapato.
Anyamata a njinga amagula dontho
losungunula m'supuni zingapo za mafuta a nsinjiro,
ati likhululutse mawondo atakwera chitunda cha Kanjala.
Telala Mshanga amadontheza pakansalu
n'kuika m'sutikesi njenjete zisamudyere suti za eni.
Wapakati sindimugulitsa, ngakhale alire.
Ndipo aliyense ndimamuuza kawiri, ngati wogontha:
izi si zakumwa.
Tsamba limaluma lilime,
koma mafuta ake amatha kugwetsa munthu ngati wakhunyu.

Usiku wina Tikambenji anagogoda,
mwana kumsana, thupi ngati mbaula.
Anati, amake Lazaro, dontho limodzi lokha amwe,
anthu akuti chowawa chimapha malungo.
Anagwada. Anandigwira mwendo.
Kabotolo kanali pawindo, tonse tikukaona.

Ndinati, mgolo uwu unandidyera kale munthu mmodzi.

Ndinadzutsa Lazaro ndi mbama yapaphewa,
anatulutsa njinga alibe malaya,
mayi ndi mwana pakaliyala,
tochi ya foni m'kamwa mwake,
mpaka kuchipatala.
Ine ndinatsala pakhomo ndi agalu,
kumvetsera unyolo ukulira kutsetsereka kumtsinje wa Lunkhwakwa.

Tikambenji sanandipatse moni sabata yathunthu.
Ati ndine womana.
Dzulo kamwana kake kanabwera kothamanga
kudzatola mpira womwe unagwera m'mizere yanga,
kanathyola tsamba, kanalawa,
kanandiyang'ana ngati ndakalodza,
n'kuthawa kakupukuta lilime ndi malaya.

Fungo ili silichoka m'zala.
Ndasamba ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu.
Mdzukulu wanga amakana chitumbuwa chomwe ndagwira.
Kutchalitchi amene ndakhala naye pabenchi
amasendera pang'ono, mwaulemu.
Ndimawasiya.
Mawa kuli kudula mzere wachitatu
dzuwa lisanamwe mame,
ndipo mpope wayamba kudontha pampindiro,
ufuna phula.