Mbendera ndi Imodzi, Tulo N'tosiyana

Kuno ku Yucatán timagona zitseko zili pululu
kuti kamphepo ka usiku kaziziritse makoma.
Nicandro amasiya njinga pansi pa mtengo wa mandimu,
m'mawa n'kuipeza itanyowa mame basi.

Mng'ono wanga Herlinda anakwatiwa kumpoto, ku Tamaulipas,
masiku awiri pa basi.
Mchere amagula ndi peso yomweyi.
Mbendera ya pasukulu ya mwana wake
ili ndi chiwombankhanga chomwechi, njoka yomweyi kukamwa.
Koma amandiimbira foni dzuwa likanali m'mwamba,
akuti ikakwana sikisi anthu amalankhulira kukhosi,
ndipo galimoto ikaima pakhomo injini osazima,
ngakhale galu amameza kuuwa kwake.

M'mwezi wa Meyi ananditumizira mwana.
Fidencio, zaka zisanu ndi ziwiri,
kachikwama kumsana,
nambala yanga yolembedwa ndi bolopeni pamkono.
"Akhale kumeneko mpaka zinthu zitakhala bwino,"
ngati kuti zinthuzo zili ndi kalendala.

Usiku woyamba anadzuka n'kutseka chitseko.
Ndinatsegula. Anatsekanso,
n'kuchirikiza ndi mpando.
Tsiku lachitatu anandifunsa:
"Amayi aakulu, kodi apolisi a kuno ndi a ndani?"
Ndinati, ndi a boma.
Anandiyang'ana monga mwana amayang'anira wamkulu
amene akunama mosadziwa kunama.

Pa chikondwerero cha woyera wa tchalitchi chathu
anyamata anaphulitsa makombola.
Ana onse maso kumwamba, kukamwa yasa!
Fidencio anadziponya pansi chafufumimba,
manja kumutu, miyendo pamodzi,
mwaluso, ngati chinthu chimene anachikhoza pa mayeso.
Chimanga chake chowotcha chinagubuduka m'fumbi.
Anzake anaseka.
Ine ndinagona pambali pake
ndi diresi yanga yoyera ya maluwa opeta
mpaka thambo litasiya kulira.

Pa wailesi amawerenga manambala.
Chigawo chakuti, ophedwa mwakuti; chigawo chakuti, mwakuti.
Mndandanda ngati wa ligi ya mpira,
ndipo aneba anga amaomba m'manja,
ati ife ndife anthu aulemu, oleredwa bwino.
Ine ndimangotola nyemba zanga.
Herlinda ndi ine tinayamwa bere limodzi.
Ulemu wake sunagwe m'basi.
Chimene chinasintha ndi msewu wodutsa pakhomo pake,
katundu woyenda usiku kuloza kumalire,
ndi dzanja lolandira envelopu
limene masana limalumbira pa Baibulo.

Nicandro amayendetsa lole ya uchi.
Akuti pamene chigawo chithera palibe mpanda,
chikwangwani chabe, chobiriwira, cholonjera alendo.
Udzu ndi womwewo uku ndi uko.
Miimba imadutsa osatsika liwiro.
Koma pali zikwangwani zina zimene iye akangozipitirira
amazimitsa nyimbo,
amavula mphete n'kuiponya m'sokosi,
mkodzo amaupirira mpaka kucha.
Ndinamufunsa kuti amadziwa bwanji.
Akuti msana ndiwo umadziwa.

Ndiye ndimadzifunsa, ndikuyanika zovala,
kuti mtendere wathuwu tinaugula kuti,
ndipo lisiti lake lili ndi ndani.
Ndikaona galimoto yachilendo ya magalasi akuda pamsika
nanenso ndimawerenga nambala yake kawiri.
Matenda amene mwanayu anabwera nawo
ndayamba kuwamva m'mawondo.

Tsopano ndi Okutobala.
Dzulo Fidencio anagona m'machira ake a ulusi,
mwendo umodzi uli lende,
mango odya theka ali m'manja.
Chitseko anachiiwala.
Mwezi unalowa mpaka pa mapazi ake
ndipo sanadzidzimuke.

Ndinathamangira foni kuti ndiuze mayi wake.
Ndinayang'ana wotchi: naini koloko.
Ndinaibwezera patebulo pang'onopang'ono.
Kwawoko foni yolira usiku
sibweretsa nkhani ngati iyi.