Dzanja la pa Botolo

Pa Kamwendo, m'golosale ya kuseri kwa msika,
mabotolo a chiponde andanda pa shelefu,
ndipo pa lililonse pali dzanja lofumbata mtedza.
Dzanjalo ndinajambula ndine.
Kachala kopindika kaja n'ka mlongo wanga Tiyanjane,
kanathyoka ndi chitseko cha ngolo ali mwana.
Anandikhalira pakhonde masana onse, mkono uli m'mwamba,
mpaka unachita dzanzi.

A Msokera sadziwa zimenezi.
Chimene akudziwa n'chakuti anandipatsa theka,
theka linalo "ndikakagulitsa ku Lilongwe, mphwanga."
Ku Lilongwe apitako kasanu.
Lero akuti chithunzi n'chawo poti botolo n'lawo,
ndipo kadzina kanga kamene ndinaika pakona,
kakang'ono ngati nyerere,
anauza wosindikiza kuti akafufute.

Panalibe pepala.
Tinangogwirana chanza pansi pa mtengo wa kesha,
mboni yathu anali mnyamata wa kabaza
amene anasamukira ku Joni.

Tinayambana tsiku la msika, anthu akuona.
Anati, "Waganyu satenga munda."
Ndinati, "Koma khasu amabwerera nalo kwawo."
Ogulitsa kaunjika anaseka.
Ine ndinapita ndi khasu langa m'thumba la malaya,
kafulashi kofiira kothyoka chivindikiro.

Komatu si zokhazo zimene ndinatuluka nazo.
Miyezi itatu ndinakhala m'kachipinda kawo ka kuseri,
laputopu pa thumba la mtedza, kudikira magetsi,
ndipo khutu lilibe chitseko.
Ndikudziwa masupuni a mchere pa ndowa imodzi,
ndikudziwa mtedza amauphula ukafika pati,
ndi kanthu kachitatu kamene amathira antchito ataweruka.
Ndikudziwanso za katapila wa ku Mkanda,
ndi kuti puloti ya akazi awo ili pa chikole
eni ake akuthirirabe maluwa pamenepo.
Usiku wina bambo wamkulu uja analira,
napukuta mamina ndi lisiti,
nati, "Tsilizani, izi zithere muno."
Ndinavomera.
Nthawi imeneyo anali asanandidyere.

Dzulo kunabwera Mayi Nagama a ku Kapiri,
nawonso ayamba chiponde.
Anaika ndalama patebulo, zonse, osati theka.
"Undijambulire changa.
Ndiponso iwe unakhalamo muja,
amathiramo chiyani kuti mafuta asayandame?"

Lilime linandiyabwa, ndisaname.
Mawu atatu okha, ngongole yanga ikanabwezedwa ndi chiwongola dzanja.
Ndinayang'ana ndalamazo.
Ndinaganiza za lendi, za mayunitsi a magetsi amene atsala awiri.
Kenako ndinafunsa,
"Mayi, mawa tikadzayambana ine ndi inu,
mudzafuna ndidzapite nazo kuti zanu?"
Anakhala chete, nakonza mpango.
Tinagwirizana za chithunzi chokha: lichero ndi dzuwa.
Ulendo uno tinalemba, tonse tinasaina,
mwana wawo natijambula pa foni.

Musandiyese woyera mtima.
Kwa a Msokera ndipitanso Lolemba,
ndipo ndikapanda kuona theka langa
tikakumana ku khoti ku Boma.
Chithunzi ndidzachimenyera mpaka nsapato zitatha.
Koma zimene anandiuza akulira si zanga,
anangondisungitsa,
ndipo mbuzi yosungitsa sudya chifukwa mwini wake wakutukwana.

Madzulo ndinagula botolo limodzi, pa mtengo wake wonse,
kugula dzanja langa lomwe,
n'kupita nalo kwa Tiyanjane.
Analitembenuza, naika chala chake pa chala chija,
n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero,
"inu mukuti anakupatsani theka.
Nanga ine mwini dzanja, munandipatsa zingati?"