Madontho Ofiira pa Mapu a Abiliyu

Anandilemba ganyu yonyamula ndodo ya mizeremizere,
metikali mazana atatu patsiku,
kuchokera pa Ulongwe mpaka kuseri kwa phiri la Domwe.
Iye Abiliyu, mwana wa ku Beira,
diso lili m'kachipangizo ka miyendo itatu,
ine kutsogolo, chilili ngati chiwopsezo cha m'munda.

Tsiku lachinayi anatambasula mapu pa boneti.
"Akuti kuno kuli madambwe. Ndilozereni,
ndiike dontho lofiira, msewu uwalambalale."

Ndinaseka.
Njira ndinagula ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri,
tambala mmodzi ndi mikwapulo yosawerengeka,
ndiye lero ndiigulitse pa boneti yotentha?

Komatu ndikudziwa, ee, ndikudziwa.
Lilipo lina malire analidula pakati:
chilombo amachiwedza ku Mozambiki, chimakavina ku Malawi
chopanda chiphaso,
wa pachipata amangoyang'ana nsapato zake.
La kumtunda kwa Lifidzi n'lozizira
moti mu Juni ng'oma amaiwamba kawiri isanalankhule.
La kwa Kamphambe lasamuka katatu:
nkhondo, madzi osefukira, kenaka fodya wa kampani.
Lina linatsala lokha mudzi utathawira ku Dedza,
pobwerako anapeza kachere atameza khomo.
Awiri a cha ku Furankungo amamwa mtsinje umodzi,
wina tsidya lino, wina tsidya ilo,
koma sabwerekana ngakhale phula la ng'oma
chifukwa cha mbuzi imene inasowa ine ndisanabadwe.

Zonsezi zinathera pakhosi.
Ndinangoti, "Bwana, ine ndi wa ndodo.
Za mapu ndi zanu."

Sanakwiye. Anakwera pamwamba pa galimoto
n'kuyang'ana zitunda zathu,
zometedwa mpala kuyambira kuno mpaka kumalire,
apa ndi apo katsumba ka mitengo
kamene owotcha makala anakaopa.
Anawerenga ndi cholembera, milomo ikugwedera.
Khumi ndi kamodzi.
Dontho, dontho, dontho.

Ife kusunga pakamwa zaka zonsezi,
osauza mkazi, osauza wansembe,
kumeneko nkhwangwa inaulula kalekale,
posiya chimene inasiya.

Limodzi lokha analakwitsa.
Dontho lachisanu ndi chiwiri si dambwe ayi,
ndi mango a malemu Zakariya Chimtokoma,
amene ana ake amakanganirana mpaka lero.
Sindinamukonze.
Msewu ukhota pamenepo, mudzaona mukamadzapita ku Domwe,
ukhota mwaulemu,
kupatsa njira mango.