Kafiyati ka Amayi ku Libala

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kanakhala pa njerwa
kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala,
kafiyati kobiriwira kamene amayi anagula
ndi malipiro a uzamba, chaka chimene ine ndinamera mano.
Nkhuku za a Njobvu zinkaikira pampando wakumbuyo.
Mphaka anaswera momwemo katatu.
Ogula zitsulo ankaima pageti ndi ngolo zawo
n'kumakayeza ndi maso ngati mbuzi ya pamsika.

Ine ndine telala.
Koma makina ndi makina basi:
pali chozungulira, pali chogwira dzimbiri,
pali pofuna dontho la mafuta ndi munthu wosapupuluma.
Ndinayamba Loweruka lina, mphepo ya Juni ikuluma makutu,
ndi sipanala yobwereka kwa Yotamu wowotcherera mageti.
Bawuti woyamba anakana masiku atatu.
Ndinamuthira palafini, ndinamunyengerera, ndinamutukwana,
lachinayi anangoti thyo!
kundisiyira chala chotupa ngati mbatata.

Anyamata a masipeya ku Soweto anaseka mpaka kugwira nthiti.
"Anti, zimenezi zinapita ndi makuponi a ufa!"
Ndinakwera minibasi ziwiri kukafika ku Matero
kumene a Msatero Daka, diso limodzi lochita ng'ala,
anatulutsa kabureta m'chitini cha mabisiketi,
yokulungidwa munyuzipepala yofiirira.
Ndalama anakana.
Anati ndiwabwezere jekete la ukwati limene linawakulira.

Magetsi akathima ndinkaluma tochi,
kugona chagada pa katoni, girisi mpaka m'tsitsi,
manja amene masana amaopa kudetsa diresi la mkwatibwi.
Mipando ndinasoka ndekha, imeneyo sinandivute.
Ndipo pansi pa mpando wa dalaivala
ndinapeza sizasi yaing'ono, mangwee asanu,
ndi kabuku konyowa m'mphepete, zolemba za amayi:
Chilenje, pafupi ndi tchalitchi, wamkazi, usiku.
Kabwata, mvula, wamwamuna, sanalire msanga.
Pageti pa chipatala penipeni, amapasa.
Anthu anayi mumzinda muno
anayamba kupuma pamene nkhuku zinkaikira mazira,
ndipo mwina ndapambana nawo pa Kamwala, osadziwana.

Amayi masiku ano amakhala pakhonde, bulangete m'miyendo.
Amanditcha sisitala. Nthawi zina amandifunsa ngati ndine wa lendi.
Miyezi khumi ndi umodzi anandiyang'ana ndikupala dzimbiri
monga munthu ayang'anira mvula ya kwa eni.

Tsikulo batire inali yobwereka, petulo wa m'chigubu cha malita awiri.
Ana a mumzere wathu anakankha, Yotamu akukuwa kuti giya yachiwiri!
Kanatsokomola. Kanakhala chete.
Kanatsokomolanso, utsi wakuda kuti tolo,
nkhuku kubalalika, agalu onse a Libala kuyankha,
ine mwendo uli njenjenje, kupondereza mafuta mwamantha.

"Zelipa!"
Zaka ziwiri ndisanalimve dzinali pakamwa pawo.
Anali ataimirira, bulangete lili pansi.
"Usakapondereze choncho, kali ndi chifuwa m'mawa.
Koka choko, ukasiye kapume."
Ndinakoka. Injini inatsika mawu
n'kuyamba kung'ung'udza bwinobwino ngati makina anga a pashopu.

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi chikwama chopanda kanthu,
nsapato imodzi yakuda, ina ya patapata.
"Ndani wayamba matenda? Tiye, tachedwa."

Penti sindinapake. Hutala salira.
Chitseko chakumanzere ndimamanga ndi kansalu kotsala pa chitenje.
Tinangofika pamphambano ya msewu wa Chilimbulu n'kubwerera,
iwo dzanja lili pa dashibodi, akuwerenga mabampu,
ndipo pofika pageti anandifunsanso kuti ndine yani.
Ndinati ndine dalaivala.
Anati ndimayendetsa bwino,
koma mawa ndibwere molawirira.