Pansi pa Mutu Wake Panali Pouma

Tinamupeza mbandakucha m'munsi mwa masitepe,
nsapato imodzi kuphazi, inayo uko ngati yathawa yokha.
Mvula ya ku Lisbon inali itachapa miyala yonse ya mu Bairro Alto
koma pansi pa mutu wake panali pouma.
Ndinalemba m'kabuku: pouma.

Anzanga anavala magolovesi awiriawiri.
Sajeni Queiroga anagunda nthiti za mtembo ndi nsonga ya ambulera:
"Ndi mmodzi wa aja. Taonani kuwonda kwake.
Edzi yamugwetsa uyu, tisataye inki."
Ndinalemba dzina: Anselmo Brandão, telala.
Sindinafunse munthu dzinalo,
ndipo palibe anazindikira kuti sindinafunse.

Kuchipinda chapamwamba kunkanunkha khofi wopserera ndi mankhwala.
Miswachi iwiri m'kapu imodzi.
Jekete losamaliza, singano ikadali m'kolala.
Pa kalendala ya 1988, maola omwera mapiritsi
olembedwa ndi dzanja la Custódio,
woyendetsa sitima yachikasu ya mumsewu,
amene anamusambitsa miyezi khumi ndi umodzi
pamene mayi womubala ankasiya supu pakhomo
n'kutsika mothamanga, mbale osadzaitenganso.

Anamanga Custódio. Akanamanganso ndani?
Mwamuna wogona ndi mwamuna mnzake, iwo amati,
nsanje yake imayenda ndi mpeni.
Anakhala pabenchi, unyolo m'manja,
malo a anthu atatu ali pululu mbali zonse ziwiri.
Sanafunse za loya.
"Mwamufunditsa?" anatero. "Masiku ano sachedwa kuzizidwa."

Ine tulo osabwera.
Munthu amene miyendo sinkamufikitsanso kuchimbudzi
anavala bwanji nsapato, ankapita kuti?
Ndipo yakumanzere inali kuphazi lakumanja.
Wokuveka tsiku ndi tsiku sasokoneza mapazi ako.
Mvula inayamba itakwana leveni;
Custódio ankaliza belu la sitima mpaka wani koloko,
anthu oledzera makumi awiri akumutukwana.

Mayi wogulitsa nyuzipepala pakona anaona chipewa chotuwa
chikulowa dzuwa litangolowa.
Ndinakagogoda kwa mkulu wake, Hipólito.
Anatsegula manja atabisa kumbuyo.
Ndinati andipatse moni.
Zikhatho zinali zitasupuka, zofiira ngati nyama yapambale,
usiku wonse ankazitsuka ndi jiki.

Sanalire.
"Anali wakufa kale, bwana. Pilo anangofupikitsa njira.
Mwana wanga akwatiwa mu Juni.
Mukudziwa zimene amanong'ona kutchalitchi?"
Kenako, motsitsa mawu:
"Pomunyamula ndinamugwira. Kodi nditenga?"
Ndi chokhacho chinkamuwawa.

Custódio tinamumasula Lachisanu.
Anapeza loko watsopano pachitseko,
malaya ake m'thumba la zinyalala.
Pamaliro wansembe anati inali khansa.
Achibale anakhala kutsogolo, maluwa ali mbwee,
iye ataima kutsidya kwa msewu mu yunifolomu,
chipewa pachifuwa, ngati wongodutsa
amene waima kulemekeza maliro a eni.

Ine ndinaima pakati, monga mwa masiku onse,
wapolisi wa mkazi ndi ana awiri,
m'jekete la buluu limene aliyense amaliyamikira.
Analisoka Anselmo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.
Anandiyeza mapewa nthawi yaitali kuposa yofunika,
tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa,
ndipo sindinamuuze kuti afulumire.
Ndinapitako chilimwe chonse. Jekete linatha sabata yoyamba.

M'thumba lamkati, limene anasoka ndi ulusi wofiira
kuti ndizimukumbukira pamene anthu sakuona,
muli envelopu yochokera kuchipatala.
Yagonamo masabata atatu.
Ndikakwera masitepe imandikanda pamtima.

Usiku uno mtsinje wa Tejo wada ngati inki ija sitinataye.
Fayilo ya Anselmo ndatseka, ndasaina, ndadinda.
Queiroga wandigulira mowa, akuti ndili ndi mphuno ya galu.
Envelopu sindinatsegule.